Mcere Uthiridwe pa Kasupe

Mau owerenga: 2 Mafumu 2:19-22

Mau amene tawerengawa ngafupi, mavesi anai okha. Ndipo ambiri a ife tiwalumpha pofulumira kukafika ku nkhani zina za Elisa zimene tinazizolowera, monga ya Namani wakhate uja. Koma lero tiime pomwepa, pakuti m'mavesi anaiwa muli mudzi, muli madzi, muli imfa ndi kusabala, ndipo muli anthu amene anatopa nako kukhala cete.

Nkhani yace iri motere. Eliya atatengedwa, Elisa anakhala ku Yeriko. Mudziwo unali pa malo okoma, m'cigwa cofunda ca Yordano, pakati pa mitengo ya kanjedza. Mlendo poufika akadati, Amwai anthu okhala pano. Koma eni mudzi anadziwa cimene mlendo sakadaciona ndi maso: madzi a kasupe wao anali ndi nthenda, ndipo pamene madziwo anafika panalibe kubala. Tsono amuna a mudziwo anapita kwa mneneri, namfotokozera zonse ziwiri, kukoma kwa malo ndi kuipa kwa madzi. Elisa anaitanitsa mbale yatsopano ya mcere, napita nayo kumene madzi atumphukira, nathira mcerewo momwemo m'dzina la Yehova. Ndipo madzi anacira. Kufikira lero kasupe wa ku Yerikoyo achedwa ndi dzina la Elisa.

Tione zinthu zinai: nthenda yobisika, anthu olankhula, malo amene mcere unathiridwa, ndi gawo limene litigwera ife.

I. Mudzi wokoma, nthenda yobisika

Makolo athu anati, Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tikuuzeni za Yeriko wina wa masiku athu ano, kwa abale athu a ku Zambia. Kumpoto kwa Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 140, kuli mudzi waukuru wochedwa Kabwe. Agogo athu anaudziwa ndi dzina lakuti Broken Hill, pakuti ena a iwo, posowa ndalama ya msonkho, anayenda pansi kukagwira nchito ku migodi ya dziko limenelo. M'caka ca 1902 kunapezeka miyala ya mtobvu, citsulo cija cotuwa, cofewa ndi colemera, cimene ciri m'mabatire a galimoto, cimenenso asodzi amangirira ku maukonde ao kuti amire. Njanji inafikako m'caka ca 1906. Ndipo miyala inakumbidwa ndi kusungunulidwa m'ng'anjo zazikuru zaka pafupifupi 90, kufikira mgodi unatsekedwa m'caka ca 1994.

Mudziwo unakula cifukwa ca mgodi, ndipo mabanja ambiri anadya ndi kubvala cifukwa ca nchito yace; ici tisacikane. Koma utsi wa ng'anjozo unagwa tsiku ndi tsiku pa madenga, pa mabwalo ndi pa minda, ndipo zotsala za miyala zinaunjikidwa kufikira zinasanduka phiri, limene anthu a kumeneko alicha Black Mountain, ndiko kunena Phiri Lakuda. Potsekedwa mgodi, zotsala zoposa matani mamiliyoni 6 zinasiyidwa pamtunda zosabvundikira. M'cilimwe mphepo inyamula pfumbi lace, nilimwaza m'midzi yoyandikana, ku Kasanda, ku Makululu, ku Chowa. M'dzinja madzi a mvula alikokolola m'ngalande, nalisiya pa makomo a anthu. Ndipo mtobvu suola monga ziolera zinyalala za kudzala. Umene unagwa pamene agogo anali makanda ukali m'dothi momwemo, ulikulindira zidzukulu.

Nanga ulowa bwanji m'thupi? Yang'anani mwana wa caka cimodzi. Akwawa pabwalo, atola kacitsotso, akalawa. Ayamwa cala cace, agwetsa mbatata yace pansi naitolanso. Palibe mai pa dziko lapansi angathe kuletsa khanda kuika dzanja kukamwa. Madotolo atiuza kuti pa mtobvu umene wamezedwa, thupi la mwana limwa kanai kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkuru, ndi kuti thupi la mwana woperewera zakudya limwa koposa apo. Ukalowa uyenda ndi mwazi, nufika ku bongo, ku ciwindi ndi ku impsyo, nukabisala m'mafupa ndi m'mano zaka zambiri. Mtsikana amene anasewera m'pfumbilo, akakula nakhala ndi pakati, mtobvu wa m'mafupa ace uturukanso, nulowa mwa mwana wosabadwayo. Cotero ena apita padera, ena abala masiku asanakwane. Kodi si kulira kwa ku Yeriko komwe kuja?

Ndipo nthenda iyi iribe zironda, iribe zotupa. Mwana aoneka wamoyo. Koma mwazi wace ucepa, m'mimba mumpweteka, akwiya msanga, ndipo aiwala lero cimene anaphunzira dzulo. Mtobvu ukacuruka agwa monga wa khunyu, akomoka, ndipo ena amwalira. Nzeru zimene mtobvu wadya sizibweranso. Madzi akataika saoleka. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'mwazi umene tingati ngwosaopsa. Pa mawerengedwe a madotolo, mwana akafika pa 5 ayenera kufufuza kumene mtobvuwo ucokera; akafika pa 45 alingalira zompatsa mankhwala oucotsa. M'caka ca 2015 ophunzira a ku University of Zambia, pamodzi ndi anzao a ku Hokkaido m'dziko la Japan, anasindikiza zimene anapeza atayesa ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali pansi pa 5, ndipo ena anapitirira 150.

Aphunzitsi, cherani khutu apa. Mwana wotere akadza ku sukulu nalephera kulumikiza zilembo, timuyesa waulesi, ndipo dzanja lithamangira ku mkwapulo. Akagwa nayamba kuphupha, mudzi uti walodzedwa, ndipo cala ciloza kwa nkhalamba yamasiye yokhala kumapeto kwa mudzi. Motero tionjezera chimo pa tsoka: tilanga wodwala, tinamizira wosalakwa, ndipo mdani weniweni agona cete m'pfumbi la pakhomo. Sitinena kuti mwana ali yense wocedwa kumva wadya mtobvu. Njala iripo, malungo alipo, ndi zina zotero. Koma cimene cizindikiritsa nthenda iyi ndico kuyesa mwazi ku cipatala, si ula wa woombeza iai.

II. Amuna a mudzi analankhula

Penyani bwino m'mene cipulumutso ca Yeriko cinayambira. Sicinayambe ndi mneneri. Cinayamba ndi eni mudzi. Elisa sanalawe madziwo nadabwa yekha, anauzidwa. Ndipo sanauzidwe ndi munthu mmodzi wong'ung'udza m'ngodya, koma ndi amuna a mudzi, atapangana, nadza pamodzi. Sanabise manyazi a mudzi wao poopa kuti alendo adzauthawa. Sanaonjezere, sanacepse, anachula bvuto ndi dzina lace, nalichula kwa iye amene anali nayo mphamvu ya kucitapo kanthu.

Ife tiri ndi mwambo wabwino wa kulemekeza akuru ndi a boma, ndipo mwambowo tisautaye. Koma nthawi zina tibveka mantha cobvala ca ulemu. Wina ati, Ndikalankhula andicotsa nchito. Wina ati, Ife ndife yani, osaphunzira ife, kuti titsutsane ndi eni ndalama? Ndipo wina, woyesa kuti alankhula zacikristu, ati, Ncifuniro ca Mulungu, tipirire. Abale, kupirira ndi cipatso cokoma pamene mtanda uli pa phewa lako. Koma pamene katunduyo ali pa mutu wa khanda losadziwa kunena, ndipo iwe wamkuru uli ndi pakamwa, kukhala cete kwakoko sikuli kupirira, kuli kulekerera. Mulungu sanaunjike Phiri Lakuda. Linaunjikidwa ndi manja a anthu, ndipo manja a anthu akhoza kulibvundikira.

Enanso ati, Mpingo usamale za mizimu, za pfumbi uzisiyire a boma. Awa akawerengenso cilamulo ca Mose. Pa Deuteronomo 22:8 womanga nyumba alamulidwa kucinga m'mbali mwa tsindwi lace, kuti munthu angagwe, mwini nyumba nasenza mlandu wa mwazi. Pa Levitiko 14 ndi wansembe amene atumidwa kukayang'ana makoma a nyumba yogwidwa ndi nthenda, kuti miyala yoipa igumulidwe, makoma apalidwe, ndi zopalidwazo zikataidwe kunja kwa mudzi. Mulungu amene asamala za mtima wa mwana ndi yemweyo asamala za khoma limene mwanayo atsamira ndi dothi limene akwawapo.

Ku Kabwe coonadi cinadziwika kale. M'zaka za m'ma 1970 madotolo anayesa ana a ku Kasanda, napeza mtobvu wocuruka m'mwazi wao. Koma pfumbi linakhala pomwepo, ndipo mbadwo wina unabadwiramo, ndi winanso. Zinthu zinayamba kugwedezeka pamene mau anacuruka. Acinyamata a mudziwo anasonkhana m'magulu, naphunzitsa anzao za pfumbi, napempha boma poyera kuti liyeretse mudzi wao. M'caka ca 2016 World Bank inabvomera kukongoza dziko la Zambia madola mamiliyoni 65.6 a nchito yokonza malo oipitsidwa ndi migodi, ndipo mwa ndalamazo ana ambiri a ku Kabwe anayesedwa mwazi ndi kulandira mankhwala. M'caka ca 2019 bungwe la Human Rights Watch linalemba mau a makolo a kumeneko, niliwafalitsa pa dziko lonse. M'mwezi wa October 2020 mlandu unalowa ku bwalo lalikuru la ku Johannesburg, m'malo mwa ana ndi amai okwana ngati 140,000, wotsutsa kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo pa mgodiwo kuyambira 1925 kufikira 1974. Kampaniyo inakana, niti siinali mwini mgodi, ndi kuti mlandu uli pa iwo amene anautenga pambuyo pace. M'mwezi wa December 2023 bwalolo linakana kuti mlanduwo uyende monga wa gulu. M'caka ca 2024 odandaulawo analoledwa kukwera nao ku bwalo lapamwamba. Ife sitiri oweruza a mlanduwo. Ticitira umboni cimodzi cokha: anthu amene zaka zambiri anayesedwa opanda mau anaima pa bwalo, ndipo dziko linamva dzina la Kasanda.

Kapena wina afunsa, Kodi kulankhula kupinduladi? Imvani za ku Mombasa, m'dziko la Kenya. M'caka ca 2007 kunatsegulidwa ng'anjo yosungunulira mabatire akale, pambali peni peni pa nyumba za anthu osauka a ku Owino Uhuru. Mai wina, dzina lace Phyllis Omido, anagwira nchito pa kampaniyo. Ndipo khanda lace litadwala, madotolo anapeza mtobvu m'mwazi wace. Iye akadatha kutenga mwana wace, nathawira kwina, nakhala cete. Koma anakumbuka kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anayesetsa ana ena a m'mudzimo, nasonkhanitsa makolo, nalembera a boma. M'caka ca 2012 anamangidwa, koma sanaleke. Ng'anjoyo inatsekedwa m'caka ca 2014. M'caka ca 2020 bwalo la milandu linalamula kuti anthu a mudziwo alipidwe mashilingi 1.3 biliyoni, ndi kuti malowo ayeretsedwe. Ndipo mlanduwo utakwera ndi kutsika, bwalo loposa onse la dzikolo linaimika malipirowo m'caka ca 2024. Zaka 17 kuyambira utsi woyamba. Njira ya cilungamo njaitali, koma iri ndi mathero; njira ya kukhala cete ithera ku manda okha.

III. Mcere unathiridwa pa kasupe

Tsopano onani kumene mneneri anapita nayo mbale ija. Sanayende nyumba ndi nyumba kuthira mcere m'mtsuko uli wonse. Akadatero, mawa lace amai akadatunganso imfa yomwe ija. Anapita kumene madzi acokera.

Ici ndico cimene ciyenera kukhala pa mtima wa pempho lathu. Mankhwala a cipatala aturutsa mtobvu m'mwazi, ndipo tiyamika Mulungu cifukwa ca iwo. Koma mwana akabwerera ku bwalo lomwelo, nakwawa m'pfumbi lomwelo, mtobvu ukweranso. Kuli ngati kusambitsa mwana ndi kumkhazika m'thope. Kucotsa dothi loipa pa makomo ndi nchito yabwino. Koma phiri likakhala losabvundikira, mphepo ya cilimwe ibweza zonse zimene makasu anacotsa. M'caka ca 2025 a Human Rights Watch analembanso za Kabwe, nanena kuti magalimoto anali kutenga zotsala za mgodi, ndi kuti miyulu yace inaunjikidwa m'malo ena a mudzi. Pamenepo kasupe mmodzi asanduka akasupe ambiri.

Cifukwa cace opempherera Kabwe apemphe zinthu zeni zeni: kuti phiri libvundikiridwe kotheratu, kuti miseu ya pfumbi ya m'midzi yoyandikana ikutidwe, kuti dothi la pa masukulu ndi pa makomo licotsedwe, niliikidwe lina, kuti mwana ali yense ayesedwe mwazi kosalipira, ndi kuti ana amene nzeru zao zinapwetekedwa kale aphunzitsidwe moleza mtima, osapitikitsidwa. Ndipo mtengo wa zonsezi usagwere mai wogulitsa tomato pa msika, koma iwo amene anapindula ndi miyalayo. Pakuti taonani kumene pfumbi ligwa. Mtobvu unakwera njanji nupita kutali, kukalemeretsa anthu amene sanapume utsi wace ndi tsiku limodzi lomwe. Cotsala ndico cinatsalira osauka. Nyumba za olemera sizimangidwa m'mphepete mwa dzala. Ici ndico aneneri anacicha kupotoza cilungamo, ndipo Mpingo suyenera kufuna dzina lina lofewa.

Koma tisaiwale abale aja amene akumba m'phirimo ndi manja, kufuna timiyala togulitsa kuti ana adye. Iwo adziwa kuti pfumbilo lipha. Koma njala ipha lero, mtobvu upha mawa. Tisawatemberere. Wofuna kuwacotsa pa phiri awapezere pogwira pena. Cilungamo cimene cilanda wosauka nsima yace ndi cilungamo copunduka.

Ndipo mbale ija inali yatsopano, yosagwirapo kanthu kena. Momwemonso mau athu akhale oyera. Tisanene bodza, ngakhale bodza lothandiza mlandu wathu. Tisacurukitse ciwerengero ca odwala kuti timvedwe msanga. Tisalole kuti misozi ya amai ikhale makwerero a wofuna mpando, ngakhale thumba la wofuna ndalama. Mbale ikada, mcere womwe ukanidwa.

IV. Gawo lathu

Mwina muti m'mtima mwanu, Kabwe nkutali. Kwathu kuno kulibe mgodi wa mtobvu. Musafulumire kutero. M'caka ca 2020 bungwe la UNICEF linalengeza kuti pa dziko lapansi mwana mmodzi mwa atatu, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtobvu wofika pa muyeso uja wa 5 kapena kuposa. Ambiri a iwo sanaonepo mgodi. Mtobvu ulowa m'mudzi ndi batire lakufa la galimoto kapena la magetsi a dzuwa, limene mnyamata aliswa pabwalo kuti agulitse za m'kati. Ulowa ndi msodzi wosungunula timiyala ta ukonde pa mafuwa ophikirapo nsima. Ulowa ndi miphika ina youmbidwa ndi zitsulo zotolatola, ndi penti wina wopaka zitseko, mipando ndi makoma a sukulu. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, m'caka ca 2010, ana ngati 400 anafa cifukwa makolo ao anali kusinja miyala ya golidi m'mabwalo a nyumba zao, osadziwa kuti m'miyalamo munali mtobvu. Mau awa akhale cenjezo kwa onse amene ayamba kukumba golidi m'mitsinje ndi m'mapiri a kwathu.

Ndipo kuti musataye mtima, dziwani kuti pena mcere unathiridwa kale pa kasupe, ndipo madzi anacira. Kale petulo wa galimoto anali ndi mtobvu, ndipo utsi wace unagwa m'miseu yonse. Maiko a kuno kwathu anaucotsa pofika caka ca 2006, ndipo dziko lotsiriza la pansi pano linaleka m'caka ca 2021. M'Malawi momwe, penti wa m'masitolo atayesedwa, kunapezeka kuti wambiri anali ndi mtobvu wopitirira muyeso. A Malawi Bureau of Standards anacitapo kanthu, ndipo poyesanso m'caka ca 2023 kunaoneka kuti penti wotere anacepa ndithu. Palibe mai anayenera kusefa petulo kapena penti pakhomo pace; cinthu cinakonzedwa kumene cicokera, ndipo nyumba zonse zinapindula.

Tsono za m'nyumba, inu amai ndi abambo, gwirani izi. Musasese pouma ana ali pomwepo. Yambani mwawaza madzi, ndipo za m'nyumba muzipukute ndi nsaru yonyowa. Sambitsani ana m'manja ndi sopo asanadye, ndi kuwawenga zikhadabo. Khanda likwawe pa mphasa yoyera. Pabwalo bzalani kapinga, kuti dothi ligwirane. Wogwira nchito ya mabatire, ya penti kapena ya miyala abvule zobvala za ku nchito nasambe asananyamule mwana, ndipo zobvalazo zicapidwe pa zokha. Batire lakufa lisaswedwe pakhomo, ngakhale kusungidwa kucipinda kogona ana. Mai wa pakati asadye dothi, cinkana mtima ulifune. Tsukani ndiwo zamasamba musanaphike. Koma dziwani kuti kuwiritsa madzi kupha tizirombo, sikucotsa mtobvu. Ndipo dyetsani ana: usipa ndi matemba odyera pamodzi ndi minga yace, nyemba, nsinjiro, bonongwe ndi nkhwani, malambe ndi magwafa, pakuti mimba yopanda kanthu imwa mtobvu msanga, ndipo thupi lokhuta zakudya zoyenera liukana pang'ono.

Koma izi zonse ndizo kuthira mcere m'mtsuko. Zicingiriza mwana lero, ndipo tizicite mokhulupirika; sizicotsa kasupe woipa. Nchito ya pa kasupe ndi ya mudzi wonse, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi, inu ndinu maso a Mpingo m'midzi. Mukaona pafupi ndi sukulu kapena citsime munthu alikusungunula mabatire, kapena kampani irikutaya zonyansa zace m'mtsinje, kapena ana ambiri a dera limodzi alikudwala mofanana, lembani: tsiku, malo, ciwerengero ca ana, ndi cimene munaona ndi maso anu. Akuru a Mpingo, tengani zolembedwazo, mupite nazo kwa mfumu, kwa alangizi a zaumoyo, kwa khansala, kufikira kwa bwanamkubwa wa boma. Musapite mmodzi, pitani asanu kapena khumi, amuna ndi akazi, ndipo muitanenso a mipingo ina ndi abale athu Acisilamu, pakuti pfumbi silifunsa kumene mwana apemphera. Siyani kalata, musunge inzace. Funsani mwaulemu tsiku limene mudzalandira yankho, ndipo tsikulo likafika bwererani. Akakubwezani kawiri, pitani kacitatu. Ndipo kwa mnzathu wosungunula mabatireyo tiyambe kupita monga kwa mbale, tisanapite kwa akuru monga kwa mdani; kawiri kawiri ana oyamba kudwala ndi ace omwe.

Musati, Tidzaona caka ca mawa. Pakadafunda padajiwitsa galu. Bongo wa mwana uumbidwa m'zaka zace zoyamba, ndipo zakazo sizilindira msonkhano wathu.

Abale okondedwa, madzi a Yeriko sanacire ndi mphamvu ya mcere; anacira ndi mphamvu ya Yehova, ndipo mneneri anacitira umboni comweco. Koma Yehova anakonda kuciritsa pamene anthu analankhula, pamene wina anathamanga kukatenga mbale, ndi pamene mapazi a mtumiki wace anayenda kufikira pa kasupe. Ambuye wathu Yesu anacha ophunzira ace mcere. Mcere wokhala m'mbale, wobvundikiridwa bwino m'nyumba ya mapemphero, suciritsa kanthu. Uyenera kuturuka, uthiridwe pamene pali imfa, usungunuke pomwepo. Iye amene ananyamula tiana m'manja mwace, nadzudzula otiletsa kudza kwa Iye, adzatifunsa tsiku lija za tiana ta ku Kasanda, ndi za tiana tokwawa pa makomo athu. Tisadzayankhe kuti tinadziwa, koma tinaopa.

Tipemphere. Atate wa cifundo, Inu amene munaumba munthu ndi dothi, yang'anani dothi limene ife taliipitsa, ndi ana amene alikudwala nalo. Tonthozani amai a ku Kabwe, ndi a kwina konse kumene pfumbi lidya nzeru za ana. Patsani oweruza cilungamo, olamulira cangu, eni cuma mtima wobweza. Ndipo ife mutipatse pakamwa ponena zoona, ndi mapazi osatopa kufikira pa kasupe. Mwa Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.